Njere Mwachotsayo Inasenza Chiyani?

Mu Januwale 1998, mvula itavumba kwambiri, mbali ina ya phiri la Tumbine inagumuka. Matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe zinatsikira m'midzi ndi m'minda ya m'tsinde, kufupi ndi tauni ya Milange ku Mozambique. Anthu makumimakumi anafa. A kumeneko anati wadutsa napolo, monganso ananenera a ku Phalombe mu Malichi 1991 phiri la Michesi litatsanulira miyala pa midzi, ndi a ku Zomba mu Disembala 1946. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atalowera cha ku Quelimane, dzina lomweli linamvekanso ku Chilobwe m'tsinde mwa Soche, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndipo ku Malawi kokha anafa anthu oposa 600.

Masiku ano boma kapena kontilakitala akafuna kudziwa ngati mtsetse wina ungapirire kukumbidwa, amafunsa injiniya, injiniyayo n'kufunsa kompyuta. N'zabwino zimenezi, ndipo ndimalakalaka ana athu ambiri a mbali zonse ziwiri za malire a ku Muloza ataphunzira ntchito imeneyi. Koma m'kati mwake muli kantchito kena kooneka kachabechabe, komwe malipoti satchula kawirikawiri: kuwonjezera ndi kuchotsa njere za dothi m'chithunzi cha phiri chomwe kompyuta ikuwerengera. Munthu akakagwira mwachidule, kompyuta imamuuza molimba mtima kuti phiri lili bwinobwino, ndipo anthu amakamanga nyumba pansi pake.

Kuti timvane, tiyambire pa chigayo. Mayi akhuthula ndowa ya chimanga m'kamwa mwa chigayo, chimanga chiyamba kutsika, kenako chingoima zii, pomwe pansi pake bowo lili lotsegula. Mnyamata wa pachigayo sadabwa. Amangopisa kamtengo kapena kugogoda m'mbali mwa chitsulo, njere imodzi kapena ziwiri zisuntha, chimanga chonse n'kuyambanso kukhuthuka. Chomwe chinachitika n'chakuti njere zochepa zinakanikizana, iyi kutsamira iyo, mpaka zinamanga kamlatho pamwamba pa bowo, ndipo kamlathoko kanasenza chimanga chonse cha pamwamba. Njere zina mazanamazana zinangokhala chabe, osasenza kanthu.

Umu ndi momwe zinthu zonse za njerenjere zimakhalira, kaya mchenga, nsangalabwi, mpunga, feteleza kapena dothi la m'phiri. Katundu sagawanidwa mofanana. Amayenda m'maunyolo a njere zokanikizana kwambiri, zina zonse zikungodzaza malo. Robert Behringer ndi ophunzira ake pa Duke University ku America anawaonetsa maunyolo amenewa ndi maso pogwiritsa ntchito timabatani ta pulasitiki tomwe timawala tikapanikizidwa: pa chithunzi pamaoneka mizere yowala yokhotakhota, pakati pake pali mdima. Mu 1895 injiniya wa ku Germany, H. A. Janssen, anali atapeza kale kuti m'nkhokwe yaitali ya tirigu kulemera kwa pansi kumafika poleka kukula ngakhale mupitirize kuthira, chifukwa njere zimakankhira katundu ku makoma. Vuto lake n'lakuti mukayang'ana mulu wa miyala, maso sangakuuzeni mwala womwe uli pa unyolo ndi womwe ukungokhala. Mukhoza kuchotsa miyala 100 osaona kusintha kulikonse, wa 101 n'kugwetsa zonse.

Mtsetse wa phiri umaima chifukwa njere zake zimakhulana, ndiponso chifukwa dothi la m'munsi limatchinjiriza la kumtunda. Mchenga wouma mukauthira pansi umaima pa kupendekeka kwa madigiri pakati pa 30 ndi 35, osapitirira apo. Madzi akadzaza m'mipata ya pakati pa njere amachita zinthu ziwiri. Amalemeretsa dothi, komanso, choopsa kwambiri, amakankha njerezo kuti zisakanikizane mwamphamvu, kukhulana kuja n'kuchepa. Karl Terzaghi ndiye anafotokoza bwino zimenezi m'buku lake la mu 1925, ndipo mpaka lero injiniya aliyense wa za nthaka amayambira pamenepo.

Nanga kompyuta imalowa pati? Mu 1979 Peter Cundall ndi Otto Strack anafalitsa njira yowerengera njere imodziimodzi, yomwe akatswiri amaitcha DEM. Njere iliyonse imaimiridwa ndi kampira kokhala ndi malo ake, kulemera kwake, liwiro lake ndi kuzungulira kwake. Timipira tiwiri tikagundana, pulogalamu imatilola kulowana pang'ono kwambiri, ndipo imaika sipuling'i yongoyerekeza pakati pake: tikalowana kwambiri, sipuling'iyo imatikankha mwamphamvu kwambiri. Kenako imagwiritsa ntchito malamulo a Newton kusuntha kampira kalikonse kwa kanthawi kochepetsetsa, kawirikawiri kochepera gawo limodzi mwa magawo 100,000 a sekondi, n'kuyambiranso. Mapulogalamu ena ochitira zimenezi, monga YADE ndi LIGGGHTS, ndi aulere. Wophunzira wa ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo kapena wa ku MUBAS ku Blantyre akhoza kuwatsitsa pa intaneti lero lomwe.

Koma njere n'zochuluka. Bokosi la mita imodzi mbali zonse, lodzaza mchenga wa milimita imodzi, limakhala ndi njere pafupifupi 1 biliyoni. Palibe kompyuta yomwe ingawerenge Tumbine yense njere ndi njere. Choncho akatswiri amaphatikiza njira ziwiri. Kumene dothi langokhala bata, amalitenga ngati chinthu chimodzi chogwirana, n'kulidula m'timagawo ta ukonde. Njira imeneyi ndi FEM, dzina lomwe Ray Clough analigwiritsa ntchito mu 1960. Kumene dothi likung'ambika ndi kuyenda, amaikako timipira. Pakati pa mbali ziwirizi pamakhala malire, ndipo nthawi zambiri kachigawo komwe ukonde ndi timipira zimakhalira limodzi n'kumagawana katundu, monga mwa njira yotchedwa Arlequin yomwe Hachmi Ben Dhia anayambitsa ku France mu 1998.

Malire amenewo sakhala malo amodzi. Mng'alu ukamakwera kumtunda, gawo la ukonde liyenera kusandulika timipira, ndiye kuwonjezera njere kumeneko. Dothi loyenda likaima n'kukhazikika, timipira tikhoza kufufutidwa, ukonde n'kutenga malo ake kuti kompyuta ipume, ndiye kuchotsa njere kumeneko. Mu 2018 gulu la ofufuza lomwe munali Ken Kamrin wa ku MIT ndi Eitan Grinspun wa ku Columbia University linafalitsa njira yochitira kusinthana kumeneku pulogalamu ili m'kati moyenda. Kuti anthu a mutu ngati amenewa anathera nthawi yawo pa kantchito kameneka, zikukuuzani kuti si kamasewera.

Tsopano tiyerekeze mnyamata wa ku Milange yemwe wangomaliza maphunziro a uinjiniya, ndipo wapeza ntchito kwa kontilakitala wina. Kontilakitalayo akufuna kukumba dothi ndi miyala m'tsinde mwa mtsetse kuti akathire mumsewu, ndipo akufuna pepala lotsimikiza kuti mtsetsewo sugwa. Mnyamatayu si waulesi, si wakuba. Wayeza malowo, watenga dothi m'matumba, wajambula mtsetse wake pa kompyuta: kumtunda ukonde, m'munsi momwe mudzakumbidwe timipira, tambiri toimira miyala ya masentimita 20, chifukwa laputopu yake singathe tating'ono tochuluka.

Usiku woyamba ayambitsa pulogalamu, ndipo pamalire paja paphulika. Timipira tikuuluka kupyola nsonga ya phiri. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi. Pulogalamu poika kampira katsopano inakaika pamalo pomwe kena kali kale, tiwiriti n'kulowana mpaka theka. Sipuling'i ija, yomwe inapangidwira kulowana kochepetsetsa, yawerenga mphamvu yosaneneka, n'kutiponya kutali. Mphamvu imeneyo kulibe m'phiri lenileni; yabadwira m'kompyuta momwemo. Akonza apa, paphulika apo. Magetsi athima, ayambiranso. Lachinayi m'mawa foni ilira.

"Ase, lipoti lija lili pati? Makina okumbira afika kale, akungodya ndalama."

"Bwana, pepani, pakutsala pang'ono. Mawa likhala litatheka."

Madzulo amenewo alemba mizere iwiri yokha. Woyamba ukuti kampira kalikonse kothamanga kupyola liwiro lakutilakuti kafufutidwe. Wachiwiri ukuti kampira kalikonse kowolokera ku ukonde kafufutidwe. Kuti pulogalamu ithamange, achotsanso timipira tonse ting'onoting'ono toimira dothi losalala, poganiza kuti ito sitisenza kanthu. Madzi sawaika n'komwe, chifukwa kuwerengera madzi ndi njere pamodzi kungamudyere sabata ina. Ayambitsanso, ndipo tsopano zonse zili phee. Dzenje likumbidwa pa chithunzi, mtsetse ugwedezeka pang'ono, n'kukhazikika. Nambala yomwe aliyense amafuna, yoyerekeza mphamvu zogwira dothi ndi mphamvu zolikokera pansi, ituluka yoposa 1.5, yomwe ndi mulingo wovomerezeka kawirikawiri pa mitsetse yokhalitsa. Agona tulo tabwino.

Taonani zomwe mizere iwiri ija yachita. Mwala wozungulira wa masentimita 20 umalemera makilogalamu pafupifupi 11. Ngati pulogalamu, pa kuyenda kwake konse, yafufuta timipira 50,000 osapereka kulemera kwake ku ukonde, ndiye kuti matani oposa 550 asowa pa mtsetse, malole 18 a matani 30. Ndipo asowa kumtunda, pamalire, pomwe kulemera kwawo kukanakankhira dothi pansi. Phiri la m'kompyuta lapepuka, pomwe phiri lenileni silinatayeko ndi supuni yomwe. Mzere wa liwiro uja ndiye woipa koposa. Unalembedwa kuti uchotse timipira tophulika mwabodza, koma sudziwa kusiyanitsa. Kampira koyamba kugubuduka mtsetse ukamayamba kugwa nako kamathamanga, ndipo nako kafufutidwa. Nthawi iliyonse yomwe chithunzi chinayamba kunena zoona, pulogalamu inachitseka pakamwa.

Timipira tatsopano nato tili ndi bodza lake. Kampira komwe kakhala nthawi yaitali m'mulu kamakhala kokanikizana ndi tinzake, ndipo pulogalamu imasunga mbiri ya kukhulana kwa pamfundo iliyonse pomwe tagundana. Kampira kongobadwa kumene kalibe mbiri imeneyo, sikali pa unyolo uliwonse. Mukasandutsa chigawo cha ukonde chomwe chinasenza matani ambiri kukhala timipira totayirira, katunduyo amasowa pogwira, ndipo funde lonama limadutsa m'chithunzi chonse. Nthawi zina zimenezi zimagwetsa mtsetse womwe sukanagwa, anthu n'kuwononga ndalama pa khoma losafunika. Nthawi zina, munthu akawonjezera mabuleki ongoyerekeza kuti fundelo lizime, mabuleki omwewo amagwiranso mtsetse womwe ukanagwa.

Mnyamata wathu sadziwa zimenezi, chifukwa sanauze pulogalamu kuti izisunga kaundula wa zomwe yachotsa. Lolemba apita ku msonkhano pabwalo la amfumu, laputopu ili m'manja. Anthu aunjikana kuona chithunzi, mtsetse wonse wobiriwira, popanda pofiira. Amfumu agwedeza mutu, kontilakitala amwetulira. Gogo wina wamkazi, yemwe munda wake uli m'mbali mwa khwawa, asendera pafupi.

"Mwana wanga, chithunzi chako n'chokongola. Koma kasupe uja amatuluka pansi pa mwala waukulu mwezi wa Febuluwale, wamuika pati?"

"Agogo, madzi sitinawaike, koma tasiya mpata wokwanira. Musadandaule."

"Nanga miyala ikuluikulu ili m'munda mwangamo, ukuganiza anaibweretsa ndani?"

Anthu aseka, amfumu apempha bata, msonkhano upitirira. Makina akumba. Chaka choyamba palibe chochitika, chachiwirinso chimodzimodzi. Dzenje lija lasiya malo athyathyathya pafupi ndi msewu, ndipo popeza aliyense anamva kuti pali pepala la injiniya, wina amangapo grosale, wina nyumba ya lendi, wina tchalitchi. Ndiye chaka china mvula ibwera ngati ya 1998. Kasupe wa agogo atuluka ndi madzi ofiira kwa masiku awiri. Usiku wachitatu dothi lonse lomwe linkatsamira pa tsinde lokumbidwa lija litsika.

Chomwe chimandisowetsa mtendere pa nkhani yotere n'chakuti palibe amene adzakumbe mpaka kupeza mizere iwiri ija. Lipoti lili m'kabati, lili ndi chidindo, nambala zake n'zokongola. Anthu adzati wadutsa napolo, aboma adzati ndi kusintha kwa nyengo, ndipo onsewo adzakhala ndi mbali ya choonadi. Mnyamata mwini wake mwina adzakhulupirira mpaka ukalamba kuti mvula inangopyola muyeso.

Inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, njira yoyenera si yachinsinsi, imangofuna kudekha. Pulogalamu izilemba kaundula pa sitepe iliyonse: kulemera konse kwa timipira kuphatikiza kwa ukonde, kankhidwe konse ka zinthu zoyenda ndi mbali yomwe zikulowera, ndi mphamvu zonse. Kampira kakafufutidwa, kulemera kwake ndi kuyenda kwake zilowe mu ukonde nthawi yomweyo, pamalo omwewo. Kakabadwa, zichotsedwe ku ukonde. Manambala amenewa akamasintha popanda chifukwa chomwe mungachiloze ndi chala, imani pomwepo. Kampira katsopano kaikidwe m'mpata weniweni, kayambe kali kakang'ono n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kakanikizane ndi tinzake molingana ndi katundu yemwe ukonde unasenza, ndipo kapatsidwe liwiro la dothi lokazungulira. Kochotsedwa nako kazitula katundu wake pang'onopang'ono. Kenako sunthani malire aja, muwaike kutali kawiri, muyendetsenso: yankho likasintha kwambiri, ndiye kuti mukuwerenga malire anuwo, osati phiri. Ndipo musanayese mtsetse wonse, thirani pansi ndowa ya dothi lenileni la pamalopo, muyeze kupendekeka kwa mulu wake, muone ngati timipira tanu tikupanga mulu wofanana. Zonsezi zikhoza kutenga milungu iwiri. Auzeni abwana choncho, ndipo zomwe simunaike m'chithunzi, monga madzi, muzilembe patsamba loyamba la lipoti, osati kumapeto m'zilembo zing'onozing'ono.

Koma ambiri mwa inu owerenga simudzagwira pulogalamu yotere, ndipo nkhaniyi ndi yanunso, chifukwa kuchotsa ndi kuwonjezera njere timakuchita ndi manja tsiku ndi tsiku. Milange wakula kwambiri kuchokera pamene mgwirizano wa mtendere wa ku Mozambique unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu omwe anathawira ku Mulanje ndi m'maboma ena a Malawi n'kubwerera kwawo. Msewu wa ku Mocuba unaikidwa phula ndi thandizo la European Union. Chimanga chimawoloka malire pa njinga kupita ku Muloza, ndalama zimalowa, ndipo ndalama zikalowa munthu amafuna nyumba ya njerwa ndi simenti. Nyumba imafuna mchenga, miyala ya maziko, dothi loumbira njerwa ndi nkhuni zowotchera uvuni. Zonsezi zimachokera penapake, ndipo pafupi kwambiri ndi m'tsinde mwa phiri ndi m'makwawa ake. Sindikunena izi monyoza oswa miyala kapena okumba mchenga. Iwo akusaka chakudya cha ana, ndipo amene timagula wilibala zawozo ndife. Koma munthu wokumba m'munsi mwa chitunda akuchotsa dothi lomwe likutchinjiriza zonse zili kumtunda, ndipo sangaone ndi maso kuti fosholo iti ndiyo yadula unyolo.

Okumba mchenga m'magombe amadziwa kuti mchenga wonyowa pang'ono umaima chilili ngati khoma, ndipo amafukula kunsi kwake kutsata wabwino. Chomwe chaugwira ndi timadzi tochepa tomwe tamata njere ndi njere. Timadzito tikauma ndi dzuwa, kapena tikachuluka ndi mvula, khomalo limagwa popanda chenjezo, ndipo mchenga wodzaza bokosi la mita imodzi umalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Wokwiriridwa mpaka pachifuwa amalephera kupuma anzake akuona.

Kuwonjezera nako kumapha. Ku Aberfan, ku Wales, zinyalala za mgodi wa malasha zinkaunjikidwa paphiri pamwamba pa mudzi, pamalo pomwe panali akasupe. Pa 21 Okutobala 1966 mulu unatsika n'kukwirira sukulu ya pulayimale; anafa anthu 144, ndipo 116 mwa iwo anali ana. Anthu a m'mudzimo ankawadziwa akasupewo. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2018, mulu wa zinyalala wa ku Hulene mumzinda wa Maputo unagumuka mvula itagwa usiku, n'kukwirira nyumba zomwe zinali m'mbali mwake, ndipo anafa anthu oposa 15. Munthu akasalaza malo omangapo nyumba pamtsetse, amadula kumtunda n'kukankhira dothi kumunsi, ndiye kuti wachita zonse ziwiri nthawi imodzi: wachotsa chotchinjiriza cha mnansi wake wa kumtunda, ndipo waunjikira dothi lotayirira mnansi wa kumunsi.

Ndiyeno pali kuchotsa komwe sikufuna fosholo. Madzi oyenda pansi pa nthaka amanyamula tinjere tosalala tija, tomwe mnyamata wathu anati sitisenza kanthu, n'kutituluka nato. Titachoka, mipata imakula, madzi amathamanga kwambiri, n'kunyamula zokulirapo. Damu la Teton ku Idaho, ku America, linagumuka motere pa 5 Juni 1976 likudzazidwa koyamba, ndipo chizindikiro china m'mawa wa tsikulo chinali madzi amatope otuluka m'munsi mwake. Kasupe yemwe masiku onse amatulutsa madzi oyera akayamba kutulutsa ofiira, ndiye kuti m'kati mwa phiri mukuchoka dothi.

N'chifukwa chake ine sindiseka akuluakulu akamanena kuti napolo ali ndi njira zake ndipo amabwereranso momwe anadutsa kale. Madzi saiwala khwawa, ndipo matope ndi miyala zimatsata khwawa lomwelo. Mwala waukulu ngati nyumba womwe uli pakati pa munda, kutali ndi thanthwe, unafika pamenepo ndi chigumula china, kaya cha nthawi ya agogo kaya cha kale kwambiri. Funso la gogo uja linali la uinjiniya weniweni kuposa chithunzi chobiriwira chija, ndipo injiniya wanzeru akanatenga kope n'kumutsatira kukaona kasupeyo ndi miyalayo asanatsegule laputopu.

Choncho tsiku lina munthu akadzabwera pabwalo panu ndi chithunzi cha pa kompyuta kudzapempha malo okumba, musachite manyazi kuti simunapite patali ndi sukulu. Mufunseni ngati m'chithunzimo muli madzi, ndipo ngati alimo, ndi a mwezi uti, Okutobala kapena Febuluwale. Mufunseni ngati kulemera kwa phiri lakelo pomaliza kuli kofanana ndi poyamba mutachotsera dothi lokumbidwalo, ndipo akuonetseni nambala zake ziwirizo. Mufunseni ngati anayenda ndi mapazi ake kukwera khwawa lonse. Wodziwa ntchito yake mafunso amenewa amawakonda. Wokwiya nawo musamusainire.

Ndipo inu okhala kale m'tsinde mwa Tumbine, Mulanje, Michesi kapena Soche, nyengo ya mvula muziyendera kumtunda kwa nyumba yanu. Ming'alu yatsopano yopingasa pamtsetse, mitengo kapena mapolo oyamba kupendama, chitseko chomwe dzulo chimatsekeka lero chikukana, kasupe wotuluka pomwe panalibe, madzi ofiira pomwe anali oyera, kapena mtsinje wophwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, zomwe zimatanthauza kuti watsekeka kumtunda: chilichonse mwa izi mukachiona, musadikire kuti kuche. Tengani ana mutuluke, ndipo muthawire cham'mbali, kukwera kuchoka m'khwawa, osati kutsika nalo, chifukwa matope amathamanga kuposa munthu. Mukafika pabwino dziwitsani amfumu ndi komiti ya ngozi ya m'dera lanu, kuti uthenga ufike kwa oona za ngozi, a INGD ngati muli mbali ya Mozambique, kapena a DoDMA ngati muli mbali ya Malawi, ndiponso kuti a nyumba zotsatira adzutsidwe usiku womwewo.